KUGONA NDI MAHEDIFONI M'MAKUTU: KODI PALI BVUTO?

Tsiku lina m'mawa, m'nyengo ya mvula, m'cipinda momwe ndimaonera odwala munalowa mnyamata wa zaka 22 atagwira khutu lakumanja, nkhope ili yokwinyika. Amai ake amene anamuperekeza ndiwo anayamba kulankhula. "A dotolo, mwanayu walowedwa mphemvu m'khutu usiku. Tathiramo saladi koma yakana kutuluka." Nditaunika ndi kanyali kathu koonera m'makutu, mphemvu sindinaipeze ai. Ndinapeza kamphira kakuda, kaja kamakhala kunsonga kwa mahedifoni ang'onoang'ono, katalowa mkati ndithu, khungu lozungulira litatupa ndi kufiira. Mnyamatayo anagona akumvera nyimbo, natsamira khutu lomwelo usiku wonse. Podzuka anangozula nthambo, kamphira n'kutsalira. Poyesa kukatokosa ndi kamtengo ka macesi anakakankhira mkati. Tinakacotsa, koma khutu linatenga masabata awiri kuti lipole.

Kale m'makutu tinali kucotsamo nyemba, mikanda ndi njere za cimanga, ndipo odwalawo anali ana. Masiku ano akulu nawonso alowa pa mzere.

Nditamufunsa cifukwa cogonera ndi zinthu m'makutu, anayankha mwacidule: "Kwathu sikugoneka." Nyumba yao yayandikana ndi taveni, ndipo iye amalawira m'mamawa kupita ku nchito. Sindinamukalipire, pakuti Kabwe wathu ndimamudziwa. Amene ali ku Railways amadziwa kulira kwa sitima pakati pa usiku. Amene ali m'mbali mwa Great North Road amagona ndi matilaki opita ku Kapiri Mposhi ndi ku Copperbelt. Ku Makululu, ku Katondo, ku Bwacha ndi ku Ngungu kuli mataveni, mashabini, mapemphero a usiku wonse okhala ndi masipika, agalu, majenereta, kuwonjezapo mnzako wa pabedi amene akuliza mkonono. Bungwe la World Health Organisation linanena mu 1999 kuti kuti munthu agone bwino, phokoso la m'cipinda cogona lisapitirire madesibelo 30, ndiko kunena ngati munthu akunong'ona. Ndi nyumba zingati za m'komboni zimene zimafika pa bata lotere?

Tsono ine sindibwera ndi lamulo lakuti tayani mahedifoni. Kusagona nakonso ndi matenda: kumakweza BP, kumabvutitsa a shuga, ndipo kwa oyendetsa galimoto kumapha. Cimene ndifuna ndi cakuti mudziwe zimene zimacitika m'khutu usiku, kuti musankhe bwino.

Zimene zili mkati mwa khutu

Khutu limene timaona kunjali ndi khomo cabe. Kucokera pamenepo pali kanjira kotalika pafupifupi masentimita awiri ndi theka, kamene kamathera pa kang'oma kopyapyala. Kuseri kwa kang'omako kuli timafupa titatu, ndipo mkati mwenimweni muli kaciwalo kopindika ngati nkhono. M'kankhonomo muli titsitsi tosaoneka ndi maso, pafupifupi 15,000 m'khutu limodzi. Mau akafika, titsitsi timeneti timagwedezeka ndi kutumiza uthenga ku bongo. Ndiko kumva kumeneko.

Phokoso lalikulu limagonetsa titsitsi timeneti monga udzu wopondedwa. Mukauponda kamodzi, m'mawa wadzuka. Mukaupondaponda tsiku ndi tsiku, pamasanduka njira, ndipo supukanso. Titsitsi ta m'khutu tikafa, tafa. Palibe piritsi, jekeseni kapena opaleshoni yotimeretsanso.

Ife a ku Kabwe sitifunika kupita kutali kuti tione zimenezi. Madala ambiri amene anasewenza pa mgodi usanatsekedwe mu 1994, ndi ena a mu mashopu a njanji, lero mumacita kuwafuulira. Amakuuzani kuti, "Mau ndikumva, koma zimene ukunena sindikuzigwira." Ndiko kugontha kwa phokoso: kumayamba ndi mau ang'ono osongoka, conco munthu amamva kuti wina akulankhula koma mau amasokonekera, makamaka pa gulu. Madalawa anagontha pofuna cakudya ca ana ao. Adzukulu ao akudzigulira phokoso lomwelo ndi ndalama zao, n'kuliika pafupi ndi kang'oma kuposa momwe makina a pa mgodi anafikira.

Tiyeni tiwerengere pamodzi

Pamene kampani ya Sony inatulutsa Walkman mu 1979, kaseti inali kutha yokha ndipo mabatire anali kufooka, munthu n'kugona pa bata. Foni ya lero siitha nyimbo. Mu 2015 a WHO anacenjeza kuti acinyamata oposa biliyoni imodzi pa dziko lonse ali pa ngozi ya kugontha cifukwa ca kamvedwe kao ka nyimbo, ndipo mu 2019 anaika muyeso. Munthu wamkulu angamvere mau a madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata. Kwa ana muyeso ndi madesibelo 75. Mukakweza kufika pa 90, maola aja atsika kufika pa anai okha pa sabata yonse. Pa 100 mwatsala ndi mphindi 20. Mafoni ambiri, voliyumu ikafika kumapeto, amafika pa 100 kapena kupitirira. Poyerekeza, anthu awiri akamaceza m'nyumba mau ao amakhala ca pa 60.

Tsopano tengani munthu amene amagona maola 7, nyimbo zikulira mpaka tambala. Maola 7 masiku 7 ndi maola 49. Ngakhale atacuna pa 80, wadutsa kale muyeso wa sabata, tisanawerengere zimene anamvera masana m'minibasi ndi pa nchito. Ngati wacuna pa 90, usiku umodzi wokha wamaliza gawo la sabata yonse nthawi isanafike 03:00. Munthu akagona maso amatsekeka, koma khutu silitseka. Titsitsi tija timasewenzabe.

Msampha waukulu ndi uwu: taveni ikakweza, nanunso mumakweza kuti muigonjetse. Pamenepo khutu likulandira phokoso la mitundu iwiri.

Popeza palibe amene ali ndi makina opimira madesibelo pa bedi, gwiritsani nchito zizindikiro izi. Ngati amene mwagona naye akumva nyimbo yanu, yakwera kwambiri. Ngati wina akulankhula pa mtunda wa mkono umodzi ndipo simukumva, yakwera. Masana musapitirire magawo 6 mwa 10 a voliyumu, koma pogona tsitsani mpaka pomwe mukungomva pang'ono, cifukwa khutu likazolowera mdima ndi bata, ngakhale mau ocepa amakwana. Foni ikakucenjezani kuti mwakweza, musangodina OK. Ndipo cacikulu pa zonse, cunani kuti nyimbo izime yokha. Mapulogalamu ambiri a nyimbo ndi a wailesi ali ndi pamene palembedwa Sleep timer. Ikani mphindi 30. Anthu ambiri amakhala atagona nthawiyo isanakwane, ndipo maola 49 aja amatsika kufika pa atatu ndi theka. Ngati simudziwa pomwe pali, funsani mwana wa sukulu m'nyumbamo, adzakuonetsani mosataya nthawi.

Nanga tigule otani?

Funso loyamba si la mtengo kapena dzina la kampani. Ndi lakuti, kodi mumagona bwanji? Ambiri a ife timagonera m'mbali, khutu limodzi lili pa pilo, ndipo mutu wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu anai kapena asanu. Ciliconse colimba cimene cili pakati pa mutu ndi pilo cidzakanikizidwa ndi kulemera konseko kwa maola.

Mahedifoni akuluakulu ophimba khutu lonse ndi abwino masana, cifukwa salowa m'kanjira ka khutu. Pa bedi amayenera okhawo ogona cagada. Mukatembenuka amapinda khutu, ndipo mu Okutobala amasunga thukuta.

Tija tolimba ta pulasitiki tokhala pa khomo la khutu, tomwe timabwera ndi mafoni ambiri, ndito timapweteka kwambiri pogonera m'mbali. Ndaona anthu obwera ndi kacilonda pa cicerecere ca khutu, malo amene magazi safika ambiri ndipo amacedwa kupola.

Tolowa mkati tokhala ndi kamphira kofewa timachinga bwino phokoso la kunja, conco simufunika kukweza voliyumu. Ubwino wake ndi umenewo. Koma sankhani tating'ono, tosatulukira kunja kwa khutu. Kawirikawiri m'paketi mumakhala timphira ta misinkhu itatu. Yesani tonse, ndipo musadabwe khutu lina likafuna saizi yosiyana ndi linzake. Kamphira koyenera kamakhala kokha popanda kukankha, ndipo sikapweteka. Musanagone kakokeni pang'ono ndi zala. Ngati kakucoka mosabvuta kapena kang'ambika, katayeni, ndiko kaja ndinakacotsa mwa mnyamata uja. Kuti mudziwe ngati mudzagona nato, bvalani, kenaka kanikizani khutu ndi cikhatho kwa mphindi imodzi monga pilo. Mukamva kuwawa pa mphindi imodzi, ganizani za maola 7.

Kwa ogonera m'mbali, amene ine ndimakonda ndi a nsalu yomanga kumutu ngati lamba, mkati mwake muli timasipika tapyapyala. M'khutu simulowa kanthu, ndipo nsaluyo imacapika mukacotsa timasipikato. Bvuto lake ndi kutentha: mu Juni ndi Julayi mudzaiyamikira, mu Okutobala mudzaibvula pakati pa usiku. Sapezeka paliponse m'tauni, koma amai wina wosoka anandionetsa yake imene anapanga yekha, atasokerera timasipika ta mahedifoni akale m'duku.

Palinso odula amene amazimitsa phokoso ndi magetsi. Amenewa amacita bwino pa phokoso losasintha monga jenereta, fani kapena injini. Pa mau a anthu oledzera ndi kuuwa kwa galu mphamvu yao ndi yocepa, conco musagulitse mbuzi cifukwa ca iwo.

Ndipo tinene zoona: ambiri safuna nyimbo, akungofuna bata. Ngati ndi tero, timasiponji totseka m'makutu, tomwe amabvala a m'mafakitale ndi m'migodi, n'tochipa ndipo sitiononga titsitsi. Funsani ku mafamasi kapena ku mashopu a zipangizo zomangira. Mumakapotokola kakhale kang'ono, n'kukaika, n'kudikira kafufume. Kakada, tayani.

Njira yochipa kuposa zonse ndi kawailesi kapena foni yoikidwa pa mpando pafupi ndi mutu, mau ali pansi. Amene amamvera ZNBC kapena Radio Maranatha pa foni adzandiuza kuti wailesi siigwira popanda kulumikiza nthambo ya mahedifoni. N'zoona, pa mafoni ambiri nthamboyo ndiyo eriyo. Lumikizani, koma sankhani kuti mau atulukire ku sipika, nthambo ikhale pa mpando. Ngati mnzanu wa pabedi safuna phokoso, bvalani khutu limodzi, lakumwamba, ndipo muzisinthasintha. Cenjerani cabe kuti khutu limodzi lisakunyengeni kukweza voliyumu.

Ena amandifunsa ngati Bluetooth imapsereza bongo kapena kubweretsa khansa. Palibe umboni wotero, ndipo mphamvu yake ndi yocepa kwambiri kuposa ya foni imene mumaika pa khutu tsiku lonse. Opani voliyumu, osati Bluetooth.

Khutu limafuna mpweya

M'kanjira ka khutu mumapangika phula. Anthu amaliona ngati litsiro, koma ndi mlonda: limagwira fumbi, limacinjiriza khungu ku tizirombo, ndipo limatuluka lokha pang'onopang'ono tikamatafuna ndi kulankhula. Cinthu cotseka khutu usiku uliwonse cimabweza phulalo mkati mpaka limauma ngati mwala. Munthu amabwera akuti wagontha, pomwe ndi phula cabe. Limeneli timalifewetsa ndi kulitsuka, iye n'kubwerera kunyumba akumva.

Coipa kwambiri ndi cinyontho. Khutu lotsekedwa usiku wonse, munthu atangosamba kapena akutuluka thukuta, limakhala lofunda ndi lonyowa, malo amene tizirombo ndi cuku zimakonda. Kumayamba ndi kuyabwa. Munthu amakanda ndi macesi, colembera kapena kiyi, khungu n'kung'ambika. Posakhalitsa khutu limawawa ngakhale kungolikhudza, ndipo nthawi zina mkati timapezamo cuku cakuda kapena coyera ngati ca pa buledi wogonera. Odwala otere amacuruka nthawi ya kutentha ndi ya mvula.

Conco umitsani makutu ndi thaulo musanabvale kanthu. Pukutani timphira ndi kansalu konyowetsa ndi spiriti, kapena ticotseni mutitsuke ndi sopo, tiume tisanabwezedwe. Musabwerekane, ngakhale ndi mkazi wanu kapena m'bale wanu. M'nyumba zogona ana a sukulu matenda a m'khutu amayenda motere. Ogula a salaula kapena apamanja asinthe timphira. Masiku ena khutu lizigona lopanda kanthu. Thonje la pa kamtengo lija lisalowe m'khutu, limangokankhira phula mkati.

Pali anthu amene ndimawaletseratu kuika kanthu m'khutu usiku: amene khutu limatuluka mafinya kapena anauzidwa kuti kang'oma kanabooka, a shuga, ndi amene citetezo ca m'thupi catsika, pakuti kwa iwo kacilonda ka m'khutu kangathe kufika pa fupa. Amenenso analandirapo majekeseni a TB monga streptomycin kapena kanamycin, kapena gentamicin kwa masiku ambiri, makutu ao angakhale anafooka kale. Acikulire akumbukira momwe kwinini anali kulizira m'makutu. Khutu lotere musaliwonjezere katundu.

Ngozi za pakati pa usiku

Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba cifukwa ca cilala, malaiti anali kubwera kwa maola ocepa, kawirikawiri usiku. Ambiri tinazolowera kuchaja foni pa bedi, ndipo cizolowezico cinatsala. Foni ili pa chaja, nthambo ili m'makutu, munthu ali mtulo: izi musacite. Mu 2014 ku Australia mai wina anapezeka atamwalira mahedifoni ali m'makutu, magetsi atadutsa mu chaja yachipa yosapangidwa bwino. Machaja otere ali mbwee pa misika yathu. Foni yochajidwa pansi pa pilo kapena bulangeti imatenthanso, ndipo matiresi ndi neti ya udzudzu sizicedwa kugwira moto.

Nthambo ndi ngozi kwa amai ogona ndi khanda, pakuti ingakulunge khosi la mwana. Topanda nthambo nato timagwa usiku n'kusowa m'zofunda, ndipo m'mawa amatipeza ndi mwana wokwawa, amene ciliconse amaika m'kamwa. Mkati mwake muli kabatire. Mwana akameza, thamangirani ku cipatala, musadikire kuti katuluke kokha. Ngakhale akulu zimawacitikira: mu 2021 manyuzipepala a ku America analemba za bambo wa ku Massachusetts amene anameza AirPod ali mtulo, madotolo n'kucita kuicotsa pa m'mero.

Koma cimene cimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ici. Usiku, khutu ndilo mlonda wa nyumba. Ndilo limamva mwana akayamba kukomoka ndi malungo, agogo akagwa popita ku cimbudzi, wakuba akamasula loko, kapena aneba akamafuula kuti moto. M'nyumba mukakhala khanda, wodwala kapena wokalamba, wamkulu mmodzi agone makutu ali otsegula. Ngati nonse mufuna bata, muzisinthana masiku. Ana osafika ku sekondale asagone ndi mahedifoni konse.

Liti pofunika kubwera ku cipatala?

Bwerani ngati khutu likuwawa kopitirira tsiku limodzi, likutuluka madzi kapena mafinya, kapena mwatsalira cinthu. Musatokose. Saladi imathandiza kupha kacirombo kamoyo, koma kamphira siingakatulutse, ndipo ngati kang'oma kanabooka musathiremo ciliconse. Bwerani ngati mukumva kulira m'makutu ngati nyenje za mu Okutobala, kosaleka. Kulira kumeneku ndi kudandaula kwa titsitsi tija. Cobvuta n'cakuti amene ali nako amabvutika kugona pa bata, conco amakweza nyimbo kuti akubise, bvuto n'kumakula. Kwa iwo kawailesi kapansipansi kapena fani m'cipinda ndi bwino kuposa kanthu m'khutu.

Ndipo mukadzuka khutu limodzi litagontha mwadzidzidzi, popanda kuwawa, bwerani tsiku lomwelo. Mwina ndi phula, koma mwina ndi mtsempha wa kumva, ndipo mankhwala ake amathandiza akayambidwa m'masiku oyambirira.

Yambirani ku kiliniki ya kwanu. Zikafunika adzakutumizani ku Kabwe Central Hospital, imene ambiri tikali kuicha General, ndipo zofuna akatswiri a makutu ndi makina opimira kumva zimapita ku Lusaka, ku University Teaching Hospital kapena ku Beit CURE.

Pomwe mwabwerapo, tiuzeninso za tulo. Nthawi zambiri taveni imanamiziridwa. Tiyi wamphamvu, khofi, Coca-Cola ndi zakumwa zopatsa mphamvu madzulo zimacotsa tulo. Mowa umagonetsa msanga koma umadzutsa pakati pa usiku. Kuwala kwa foni ndi kuyendayenda pa Facebook ndi TikTok pa bedi kumacedwetsa tulo kuposa galu wa aneba. Mankhwala ena a ma ARV amasokoneza tulo kwa anthu ena. Musaleke kumwa, koma funsani ku kiliniki ngati mungasinthe nthawi yomwera. Nkhawa ya lendi, ya sukulu fizi ndi ya maliro siichingidwa ndi kamphira. Piriton ndi Valium zogula pa kantemba si yankho. Ndipo inu amai amene mwatseka makutu cifukwa ca mkonono wa abambo, tsiku lina mvetserani. Ngati amaliza, n'kuleka kupuma kwa kanthawi, n'kudzidzimuka ngati atsamwa, ndipo masana amangosinza, abwere tiwapime BP ndi zina. Amenewo ndi matenda, ndipo amacizika.

Za phokoso la mataveni, malaisensi amapereka ndi a Kanselo. Munthu mmodzi akadandaula amaoneka wa nsanje. Aneba khumi akapita pamodzi kwa khansala wao, nkhani imamveka mosiyana.

Mnyamata uja anabweranso patapita masabata awiri kuti ndione khutu. Linali litapola. Anati anasuntha bedi kulicotsa ku cipupa ca ku taveni, napacika bulangeti lakale pa windo, ndipo tsopano amabvala khutu limodzi, foni n'kuzima yokha pa mphindi 30. Ndinafunsa amai ake ngati zinthu zasintha. "Zasintha, a dotolo," anatero. "Tsopano ndikagogoda m'mawa amayankha. Kale tinali kucita kumuthira madzi."